Kodi Wodwazika Amamuzonda Ndani?



Akonzi a kalata yathuyi atandipempha kuti ndilembeko kanthu teremu ino, ankayembekezera malangizo a mayeso a Biology, poti ndiyo ntchito imene ndimadyera pano. Malangizowo ndiwapereka m'kalasi. Pano ndikufuna ndikambe za munthu amene alipo pafupifupi m'mudzi uliwonse umene ana athu amachokera, koma satchulidwa pa duwa ya kumzikiti ngakhale pamsonkhano wa makolo. Munthuyu ndi wodwazika matenda.

Kuchipatala timangoti gadiyani, ngati kuti ntchito yake ndi kulondera. Koma mawu athu akuti kudwazika ndiwo amanena zenizeni. Wodwazika ndiye amatunga madzi, kuphika phala, kusambitsa, kutembenuza wodwala, kuchapa nsalu zimene wina aliyense sangafune kuzigwira, ndi kudzambatuka pakati pa usiku akamva kubuula. Matenda akakhala malungo, ntchitoyi imatha pa sabata, aliyense n'kubwerera ku zake. Koma alipo matenda amene adokotala amakuitanirani pambali n'kukuuzani motsitsa mawu kuti apa tafika, chatsala ndi kuchepetsa ululu basi. Zikatero kudwazika kumasanduka moyo wonse wa munthu. Kumatenga miyezi, mwina chaka n'kupitirira, ndipo wodwazikayo amagwira ntchito yonseyi akudziwa kuti kumapeto kwake kulibe kuchira.

Kwathu zinatigwera zaka zingapo zapitazo. Achemwali anga aakulu, mayi wa ana anayi, amene ankagulitsa usipa ndi tomato pamsika, anapezeka ndi khansa ya khomo la chiberekero itapita kale patali. Anali atakhala nthawi yaitali akutaya magazi mosadziwika bwino, koma nkhani za kumeneko amayi ambiri sazitulutsa msanga. Monga mphunzitsi wa Biology sindingadutse pamenepa osanenapo kanthu. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri padziko lonse, chonsecho ndi khansa imene imaoneka msanga munthu akapita kukayezetsa. Kuyezako sikutenga nthawi, anamwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero n'kuona ngati pali posintha. Kuyambira mu 2019 boma limaperekanso katemera wa HPV kwa atsikana aang'ono, woteteza ku kachilombo kamene kamayambitsa khansayi. Atsikana inu, kawauzeni amayi anu kunyumba, ndipo musachite manyazi.

Titauzidwa kuti achemwali abwerere kunyumba, funso loti adwazike ndani silinafunsidwe n'komwe. Linangodziyankha lokha. Alamu athu anali ku Johannesburg, monga amuna ambiri a kwathu, ndipo ankatumiza kangachepe akapeza. Amayi athu ndi okalamba, maso ndi miyendo zinayamba kale kuwakana. Achimwene ndi amuna, ndipo matenda a mlongo wawo anali a malo amene iwo sakanafikako. Ine ndinali pantchito, ulendo wa maola awiri pa minibasi, moti ndinkafika Lachisanu madzulo n'kubwerera Lamlungu. Masiku asanu otsalawo anagwera mwana woyamba wa achemwali, mtsikana wa zaka 16 amene anali Folomu 3 pa sekondale ina yoyendera. Palibe anamukhazika pansi n'kumufunsa ngati angathe. M'mabanja athu katundu wotere amatsetsereka yekha mpaka atapeza mwana wamkazi.

Tsiku lake linkayamba adhana ya Fajr isanamveke. Ankayamba ndi kuchotsa nsalu za usiku, kuwapukuta amayi ake, kuyala pulasitiki ndi chitenje china. Kenako kumjigo, maulendo atatu kapena anayi, chifukwa nyumba ya wodwala matenda amenewa imamwa madzi kuposa nyumba ya maliro. Pobwera apo phala, mankhwala, kukonzekeretsa ang'ono ake atatu kuti apite kusukulu, ndiye iye n'kuthamanga atavala yunifolomu, atachedwa kale. Masiku ena ankabwerera panjira, mng'ono wake atamutsatira kuti amayi akukuitana. Usiku ankagona pamphasa pambali pa bedi, khutu limodzi lili maso. Anamwino anali atatiuza kuti munthu wosatha kudzitembenuza yekha azitembenuzidwa pakatha maola awiri alionse, apo ayi khungu la pamsana ndi m'chiuno limaphulika zilonda zovuta kupola. Werengani nokha kuti munthu wotembenuza mnzake maola awiri alionse amagona tulo totani.

Miyezi iwiri yoyambirira inali yoopsa chifukwa cha ululu. Panado sankamveka n'komwe. Achemwali, munthu amene anabereka ana anayi osalira, ankaluma chitenje kuti ana asamve. Chimene chinasintha zinthu ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, amene anatiuza kuti pachipatala cha boma pali chipinda chimene amati palliative care, kumene amasamalira anthu a matenda osachiritsika. Tinalowapo kangapo pachipatalapo, koma palibe anatilozerako chitseko chimenecho. Kumeneko anatipatsa morphine wa madzi m'botolo, ndi kasirinji kopanda singano koyezera mlingo, kuti wodwala azimwa pakatha maola anayi alionse, osadikira kuti ululu ubwere kaye. Patatha masiku awiri achemwali anagona tulo, n'kudzuka kupempha tiyi.

Botolo limenelo linadzetsa mkangano pabanja. Azakhali ena anati amenewo ndi mankhwala omalizira munthu, akuchipatala amapereka akafuna kuti wodwala apite msanga. Ena anafunsa ngati si haraam, poti ndi mankhwala a m'gulu la zoledzeretsa. Funso lachiwirili tinapita nalo kwa Shehe wa pamzikiti wathu, ndipo anatiyankha modekha kuti mankhwala amene dokotala wapereka chifukwa cha vuto lenileni, pa mlingo wake, ndi ololedwa, ndiponso kuti kumusiya munthu akuzunzika pamene chomuthandiza chilipo si kuopa Allah. Funso loyambalo ndiliyankhe ndine. Morphine woperekedwa pa mlingo umene achipatala alemba safupikitsa moyo. Anthu amamuganizira zoipa chifukwa kawirikawiri amafika mochedwa, wodwala atatsala masiku owerengeka, ndiye imfa ikabwera amaloza botolo. Achemwali anamwa morphine pafupifupi chaka chathunthu, akucheza, akulangiza ana awo, masiku ena akusankha nyemba pakhonde. Vuto lake lenileni ndi kudzimbidwa, ndipo n'chifukwa chake amapereka pamodzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba.

Chisamaliro chotere chili ndi mbiri yake. Cicely Saunders, amene anayamba ngati namwino kenako n'kukhala dokotala, anatsegula St Christopher's Hospice mu mzinda wa London mu 1967, pofuna kuti anthu amene sangachire asatayidwe ngati kuti zawo zatha. Mu 1993 Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa ku Uganda, ndipo kumeneko anaonetsa kuti morphine wa ufa akhoza kusungunulidwa m'madzi n'kukhala mankhwala otsika mtengo oti munthu azimwera kunyumba kwake. Kuno kwathu kuli Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yosamalira akuluakulu, ndi Umodzi yosamalira ana. Ku Salima kuli Ndi Moyo, imene namwino wa kuno kwathu Lucy Finch anatsegula mu 2007. Boma linakhazikitsa ndondomeko yake ya chisamalirochi mu 2014, ndipo bungwe la PACAM limalimbikitsa ntchitoyi m'dziko muno. Ndatchula zonsezi kuti kholo limene likuwerenga lidziwe kuti si chifundo chapadera chimene ukupempha ukafunsa za palliative care pachipatala cha boma. Ndi chithandizo chimene chinakhazikitsidwa, ndipo ndi bwino kuchifunsa ndi dzina lake.

Chimene Cicely Saunders anaphunzitsa, ndipo ine ndinachiona ndi maso, n'chakuti ululu wa munthu amene akumwalira sukhala m'thupi mokha. Umakhalanso m'maganizo, m'nkhawa za ana ndi ngongole, ndi mu uzimu. Ndipo suthera pa wodwalayo, umafalikira kwa onse a m'nyumba. Tsiku loyamba limene tinalowa m'chipinda chija, namwino atamaliza kuwafunsa achemwali, anatembenukira kwa mtsikana uja n'kumufunsa kuti, "Nanga iwe mwanawe, lero wadya chiyani? Usiku umagona maola angati?" Mwanayo anangoti kukamwa yasa, kenako misozi chuchuchu. Panali patatha miyezi iwiri anthu akulowa ndi kutuluka m'nyumba mwathu, aliyense akufunsa kuti odwala agona bwanji. Funso lonena za iye linali lisanamvekepo.

Ndikambeko za ozonda, chifukwa apa ndi pamene tonse tikukhudzidwa. Kuzonda wodwala ndi Sunnah, ndipo ndi limodzi mwa maufulu amene Msilamu ali nawo pa Msilamu mnzake. Anthu a kwathu amalisunga lamuloli, ndipo ndimawayamika. Koma kuzonda kwina kumasiya nyumba itatopa kuposa mmene inalili. Anthu asanu ndi atatu afika nthawi ya nkhomaliro, akhala pamphasa maola atatu. Wodwazika, amene sanagone, ayatse moto, aphike tiyi ndi shuga amene anagulira wodwala, atsuke makapu. Wodwalayo akufuna kusinthidwa nsalu koma akuchita manyazi, ndiye angopirira mpaka alendo atapita. Ndipo mlendo aliyense amabwera ndi chipatala chake m'thumba. Uyu akuti kuli sing'anga kutsidya kwa mtsinje amene anachiritsa wakutiwakuti. Uyo akuti matenda amenewa si achabe, fufuzani pamsika pamene ankagulitsira. Wina wabwera ndi mabotolo a mankhwala azitsamba ochokera kunja, mtengo wake wa mbuzi yathunthu, akulumbira kuti amasungunula khansa. Banja limene lili pa mantha limagula chilichonse. Ndikudziwa mabanja amene anagulitsa munda chifukwa cha mabotolo otere, wodwala n'kumwalira ndithu, ana n'kutsala opanda polima.

Palinso mawu amene timakonda kuwauza odwazika potsanzika: pirirani, chitani sabr, Allah akulipirani. Mawuwa ndi oona, ndipo ine ndimakhulupirira kuti malipiro a mwana wosamalira kholo lake ndi aakulu. Koma ndinaona mmene amagwirira ntchito pa mwana wa zaka 16. Ankamutseka pakamwa. Akafuna kunena kuti ndatopa, kapena kuti fungo likundikanika, kapena kuti dzulo ndinawakalipira amayi ndipo mtima ukundipweteka, ankaona ngati akuonetsa kuchepa kwa imaan. Usiku wina tili kukhitchini anandinong'oneza kuti, "Amayi aang'ono, nthawi zina ndimafuna zingotha. Kodi ndine munthu woipa?" Ndinamuuza kuti ayi, ndipo ndikubwereza pano chifukwa ndikudziwa kuti pali wophunzira wina amene akuwerenga ali ndi funso lomwelo mumtima. Kufuna kuti kuzunzika kuthe si kufunira kholo lako imfa. Pafupifupi aliyense amene anadwazikapo nthawi yaitali anafikapo pamenepo, kungoti sanena.

Amene anatithandiza zenizeni sanali olankhula kwambiri. Panali mayi wina wachikulire wa m'gulu la amayi a dawa, amene ankabwera Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa. Akapereka salaam sankakhala pansi. Ankangonyamula beseni la nsalu n'kupita nalo kuseri, sopo atabwera naye yekha. Akamaliza ankamuuza mtsikana uja kuti, "Mdzukulu wanga, kagone kwa anzako uko, kuno ndilipo ine mpaka Asr." Panali mnyamata wa kabaza woyandikana nafe amene ankatenga buku la kuchipatala ndi mmodzi wa ife kukatenga morphine botolo likatsala pang'ono, osalandira ndalama. Panali mnzawo wa achemwali wa pamsika amene anapitiriza kuwaponyera chipereganyu kuti dzina lawo lisafufutidwe. Achimwene, ataona kuti m'chipinda sangathandize, anatenga udindo wa madzi ndi nkhuni, ndipo anthu anawaseka poona bambo wa ndevu zake ali pamzere wa pamjigo ndi zigubu panjinga. Iwo sanasamale. Kuyambira pamenepo mwana uja anasiya kupita kumjigo, ndipo ola limene linapulumuka pamenepo ndi limene ankatsegulako kope.

Mukandifunsa choti mutenge popita kunyumba yotere, ndingati sopo, ndipo mukabwereranso mutengenso sopo. Magolovesi, pulasitiki yoyala pabedi, zitenje zakale zochapa bwino, mafuta odzola, mtolo wa nkhuni. Koma mphatso yoposa zonse ndi tulo. Munthu mmodzi wodalirika amene anganene kuti usiku wa Lachitatu ndi wanga, n'kumabweradi Lachitatu lililonse, amaposa anthu makumi awiri obwera kamodzi ndi nthochi.

Pali zinthu zing'onozing'ono zimene tinaphunzira kwa anamwino zomwe zikanatipepukitsira ntchito tikanazidziwa poyamba. Fungo la chilonda cha khansa limathamangitsa anthu, ndipo wodwala amadziwa chifukwa chake anthu akukhalira pakhomo osalowa. Achipatala ali ndi njira yake, amagwiritsa ntchito Flagyl, ndipo fungo limachepa kwambiri. Afunseni, musangoyesa nokha. M'kamwa mwa wodwala mumauma ndi kuchita zilonda, ndiye kumupukuta ndi kansalu konyowa ndi kumudonthezera madzi pang'onopang'ono kumamupatsa mpumulo woposa mmene mungaganizire. Nkhani ya chakudya ndiyo inali yowawa. Amayi athu sankatha kupirira kuona mwana wawo akukana nsima. Kwa iwo munthu wosadya ndiye kuti akutayidwa, moti ankakakamiza mpaka achemwali kusanza, kenako n'kumukalipira mdzukulu wawo kuti sakuphika bwino. Namwino anachita kubwera kunyumba n'kukhala nawo pansi. Anawafotokozera kuti thupi likamafika kumapeto silifunanso chakudya chambiri, kuti sikuti munthu akumwalira chifukwa sakudya, koma sakudya chifukwa matenda afika pamenepo. Masipuni awiri a phala amene wodwala wawafuna yekha ndi okwanira. Amayi anamva, ngakhale kuti mpaka tsiku lomaliza ankabisa kambatata kootcha m'chitenje, mwina mwana wawo angakafune.

Chinanso chimene chinkawasautsa achemwali, mwina kuposa ululu, chinali twahara. Munthu amene sankaphonya swalah anayamba kuona ngati watalikirana ndi Mbuye wake chifukwa magazi sankasiya ndipo kusamba kunali kovuta. Anasiya kuswali, n'kumalira mobisa. Akazi a Shehe ndi amene anabwera kudzawamasula. Anawafotokozera kuti magazi a matenda sali ngati a kumwezi ndipo saletsa swalah, kuti amene madzi angamupweteke kapena sangathe kuwagwiritsa ntchito amachita tayammum, ndi kuti wosatha kuimirira amaswali chokhala, wosatha kukhala amaswali chogona. Mwezi wa Ramadhan utafika anawauzanso kuti wodwala matenda osayembekezeka kuchira sakakamizidwa kusala, m'malo mwake amadyetsa wosauka pa tsiku lililonse ngati angathe. Zimenezi ana athu amaphunzira ku madrassa n'kulemba pamayeso, koma zikafika m'nyumba palibe amazikumbukira. Inu ophunzira amene mumakhoza bwino Fiqh, dziwani kuti phunziro limeneli lili ndi ntchito pambali pa bedi la agogo anu.

Akuluakulu a pabanja ankafuna kuti mwana uja asauzidwe kuti amayi ake sachira. Ankati ndi mwana. Ine zinkandidabwitsa kuti munthu akhale wamkulu pochapa magazi koma mwana pomva zoona. Nkhaniyi anaithetsa ndi achemwali eni ake. Anafunsa namwino maso ndi maso, anayankhidwa mosabisa, ndipo madzulo ake anaitana mwana wawo n'kumuuza okha. Kunali kulira usiku umenewo, koma kuyambira pamenepo m'nyumba munapepuka. Kunamizana kuti mukhala bwino posachedwa kumatopetsa, chifukwa aliyense amasenza chinsinsi chimene mnzake akuchidziwa kale. Achemwali anatchula onse amene anali nawo ngongole pamsika, ndipo tinabweza iwo ali moyo, poti tonse tikudziwa kulemera kwa ngongole pa munthu womwalira. Ananena kuti mwana wamng'ono adzakhale ndi ine. Anaitanitsa m'bale wina amene sankalankhulana naye zaka zisanu, n'kukhululukirana. Anamuuzanso mwana wawo, ine ndili pomwepo, kuti, "Sukulu usadzasiye chifukwa cha ine. Ukadzasiya ndiye kuti matendawa apha anthu awiri."

Kusukulu kwake zinthu sizinayende bwino. Sanauze aliyense, poti ankaopa kuti anzake adziwa mtundu wa matenda a amayi ake. Aphunzitsi ankangoona mtsikana wochedwa tsiku ndi tsiku, wosinza m'kalasi, wosalemba ntchito ya kunyumba. Anapatsidwa zibalo, kutchetcha ndi kukolopa, munthu amene anali atakolopa kale kunyumba dzuwa lisanatuluke. Mphunzitsi wina anamunena pamaso pa anzake kuti atsikana akayamba zibwenzi amatero. Teremu yachitatu sanapitenso.

N'chifukwa chake ndikatsegula kaundula wa kalasi langa n'kuona dzina limene lajomba Lolemba lachitatu motsatizana, ndimayamba ndafunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Aphunzitsi anzanga, mwana amene anali wakhama n'kusintha mwadzidzidzi kawirikawiri amakhala atasenza kanthu. Tisanalembe chibalo, timuitanire pambali. Sitingachiritse kholo lake, koma tikhoza kumulola kufika mochedwa popanda kumuchititsa manyazi, kumupatsa masiku owonjezera pa ntchito, ndi kupempha anzake awiri kuti azimukopera manotsi. Inu makolo, matenda otere akalowa m'nyumba, bwerani mudzatiuze. Simukuyenera kutchula dzina la matenda. Ndipo pokonza za kudwazika, khalani pansi monga banja n'kugawana masiku, m'malo mongoyang'ana kumbali mpaka katundu atagwera mwana wa sukulu. Anyamata, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya alongo anu okha. Bambo kapena agogo aamuna akadwala, ulemu wawo umasungika bwino akamasambitsidwa ndi mwana wamwamuna, ndipo palibe lamulo la chipembedzo limene limaletsa mwamuna kugwira beseni.

Ku makomiti a mizikiti ndili ndi pempho. Banja limene ladwazika chaka chathunthu limakhala litagulitsa mbuzi, katundu wa bizinesi atadyedwa, ngongole zili m'khosi. Osauka ndi angongole ali m'gulu la oyenera kulandira zakaat, koma mabanja otere sabwera kudzapempha, chifukwa dzulo lomweli anali odzidalira. Tiyenera kuwapeza ndife. Pa maliro tili ndi dongosolo labwino kwambiri. Uthenga ukangomveka, aliyense amadziwa ntchito yake: osambitsa, ogula sanda, okumba manda, onyamula jeneza, ophika. Palibe amachita kupemphedwa. Dongosolo lomwelo likhoza kuyamba miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyo, munthu akadali moyo, pongolemba m'kope mayina a nyumba zimene zili ndi wodwala wa nthawi yaitali ndi mayina a amene atenge tsiku liti.

Achemwali anatisiya patatha miyezi 14, m'bandakucha wa Lachinayi, mwana wawo atawagwira dzanja ndipo amayi athu akuwakumbutsa shahada. Anapita mwakachetechete, opanda ululu. Pofika Dhuhr bwalo linali litadzaza. Kunabwera matumba a ufa, nkhuku, mitolo ya nkhuni yofika m'chiuno, amayi oposa makumi atatu ali pamoto, achinyamata akupikisana kutunga madzi. Ndinathokoza Allah chifukwa cha anthu athu, ndipo ndimathokozabe. Koma mwana uja, ataima pakhomo la khitchini akuyang'ana mulu wa nkhuniwo, anandifunsa motsitsa kuti, "Amayi aang'ono, nkhuni zonsezi zinali kuti?"

Patatha masiku atatu anthu anabalalika, ndipo apa ndi pamene wodwazika amaiwalika kotheratu. Anthu amaganiza kuti tsopano wapumula. Koma munthu amene kwa chaka chathunthu ola lililonse linali ndi ntchito yake amadzuka n'kupeza manja ali lende. Mwanayu ankadzidzimukabe pakati pa usiku kuti akatembenuze munthu amene kulibe. Alamu ya pafoni imene ankatchera nthawi ya mankhwala inkalirabe 10 koloko usiku, ndipo anakana kuti wina aichotse. Anaonda, mutu unkamupweteka, ndipo kwa milungu ingapo sankafuna kuona anzake. Mayi wa dawa uja anapitiriza kubwera Lachiwiri ndi Lachinayi ngakhale kuti kunalibenso nsalu zochapa. Ankangokhala naye pakhonde akusenda nandolo.

Morphine wotsala sasungidwa m'nyumba ndipo sapatsidwa kwa wodwala wina, amabwezedwa kuchipatala. Tinapita tonse awiri kukabweza botolo lija patatha milungu iwiri. Namwino analemba m'buku lake, anatipepesa, kenako anamufunsa mwanayo kuti sukulu atsegulira liti. Anayankha kuti sakudziwa ngati abwererenso, poti anzake apita Folomu 4. Namwinoyo anamuuza kuti iyenso anabwerezapo kalasi. Teremu yotsatira ndinamutenga pamodzi ndi mng'ono wake wamng'ono uja kudzakhala kwanga, ndipo anayambiranso Folomu 3 pa sukulu ina. Analemba MSCE patatha zaka ziwiri, anakhoza, ndipo pano akuyesa mwayi wa maphunziro a unamwino. Ang'ono ake awiri apakati ali ndi achimwene kumudzi.

Ophunzira amene muli ndi wodwala kunyumba, ndimapezeka mu labu ya sayansi Lachitatu lililonse tikaweruka, mpaka nthawi ya Asr.

Wassalaamu alaikum.